Kadyetsedwe ka kalulu wamng'ono, kuyambira pobadwa mpaka atakhwima

Kalulu ndi chiweto chosasokosa ndiponso chosafuna malo aakulu. N'chifukwa chake mabanja ena a m'mizinda amamusunga kuseri kwa nyumba, ena m'nyumba momwe, monga amasungira mphaka. Kalulu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 8 mpaka 12. Komabe akalulu ambiri amene amafa adakali aang'ono amafera pa masabata ochepa chabe a pamene akusiya kuyamwa, ndipo chowapha kawirikawiri ndi matenda a m'mimba obwera chifukwa cha chakudya cholakwika kapena chosinthidwa mwadzidzidzi. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Zimene kalulu wadya pa miyezi 6 yoyambirira n'zimene zimaumba mano, mafupa ndi matumbo amene adzakhale nawo moyo wake wonse.

Kalulu amene tikunena pano

Kalulu woweta, amene asayansi amamutcha Oryctolagus cuniculus, kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi ku Portugal. Mitundu yake ilipo yambiri. New Zealand White akakula amalemera makilogalamu 4 mpaka 5, Flemish Giant amaposa pamenepo, pomwe Netherland Dwarf amangolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Onsewa matumbo awo amagwira ntchito mofanana, chosiyana n'kuchuluka kwa chakudya chimene amatha.

Kalulu ameneyu ndi wosiyana ndi kalulu wa m'tchire amene alenje amamuthamangitsa ndi agalu. Ambiri mwa akalulu a m'tchire ndi a mtundu wa Lepus, ndipo ana awo amabadwa ali ndi ubweya, maso ali openya. Ana a kalulu woweta amabadwa patatha masiku pafupifupi 31 a bere, ali opanda ubweya, maso ali otseka, ndipo amadalira make pa chilichonse.

Mmene mimba ya kalulu imagwirira ntchito

Malamulo onse a kadyetsedwe ka kalulu amachokera pa zinthu ziwiri: mano ndi matumbo.

Kalulu wamkulu ali ndi mano 28, ndipo onsewo amakula mosalekeza. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri. Kalulu wodya zofewa zokhazokha mano ake amatalika mopitirira, amapindika, amalasa lilime ndi masaya, mpaka chiwetocho chimaleka kudya.

M'mimba mwake muli thumbo lalikulu lotchedwa caecum, mmene mumakhala tizilombo tabwino tochuluka zedi. Tizilomboti ndi timene timagaya ulusi wa m'udzu ndi m'masamba, umene kaluluyo payekha sangaugaye. Ulusi womwewo ndi umene umakankha chakudya kuti chiziyenda m'matumbo. Ukachepa, matumbo amachita ulesi. Shuga ndi sitachi zikachuluka, tizilombo toyipa monga ta mtundu wa Clostridium timaswana mofulumira n'kutulutsa poizoni amene angaphe kalulu wamng'ono tsiku limodzi. Kalulu sasanzanso, choncho choyipa chilichonse chimene wameza chiyenera kudutsa m'matumbo monse.

Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri. Zina ndi timibulu touma tija timaoneka m'khola. Zina ndi zofewa, zomatana, zonyezimira ndi zafungo, zimene amadya zikungotuluka, makamaka usiku kapena mbandakucha. Ameneyu si matenda ndipo si uve. M'ndowe zofewazo muli mapuloteni, mavitamini a gulu la B ndi vitamini K, zimene tizilombo tija tapanga. Musamuletse.

Masabata 3 oyambirira: mkaka wa make basi

Mwana wa kalulu wa mitundu ikuluikulu amabadwa akulemera pafupifupi magalamu 50, ndipo pakutha pa sabata imodzi amakhala atawirikiza kulemerako. Amakula motero chifukwa mkaka wa kalulu ndi wokhathamira kwambiri. Mafuta ndi mapuloteni ake amapitirira magawo 10 pa 100 aliwonse, pomwe mu mkaka wa ng'ombe mafuta amakhala pafupifupi magawo 4 ndipo mapuloteni amangopitirira pang'ono magawo 3.

Make amayamwitsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kwa mphindi zosaposa 5, ndipo nthawi zambiri amatero usiku. Eni ake ambiri akaona kuti make sakukhala m'chisa amaganiza kuti wawataya anawo, n'kuyamba kuwamwetsa mkaka wa m'sitolo. Kumeneko n'kulakwa kumene kumapha ana amene akanakhala moyo. Njira yodziwira ndi kuwaona m'mawa. Ana oyamwa bwino amakhala ofunda, ogona mounjikana, mimba zawo zili zozungulira, khungu lili losalala. Ana a njala amakhala ozizira, khungu lamakwinya, mimba zophwa, ndipo amakwawa mobalalika akulira.

Pa nthawi imeneyi wofunika kudyetsedwa ndi make. Mupatseni udzu wouma wosatha, mapeleti ochuluka kuposa masiku onse, masamba amene adawazolowera kale, ndi madzi ambiri. Kalulu woyamwitsa akasowa madzi, mkaka umauma msanga.

Maso a anawo amatseguka ali ndi masiku 10 mpaka 12. Akamafika masiku 18 mpaka 21 amayamba kutuluka m'chisa n'kumalawa udzu. Asanatuluke amakhala atayamba kale kudya timibulu ta ndowe timene make amasiya m'chisa, ndipo m'menemo ndi mmene amatengera tizilombo tabwino ta m'matumbo. Choncho chisa chisachotsedwe chonse pokhapokha ngati chanyowa.

Mwana wamasiye

Make akafa kapena akakana ana, njira yabwino koposa ndi kuwapereka kwa kalulu wina woyamwitsa amene ana ake ndi a msinkhu wofanana. Aikeni pakati pa ana akewo iye atachoka, muwafunditse ndi ubweya wa m'chisamo kuti atenge fungo la pamenepo.

Ngati palibe wowalera, mkaka umene umagwiritsidwa ntchito ndi waufa wopangidwira ana a mphaka, kapena wa mbuzi wosachotsa mafuta. Mkaka wa ng'ombe ndi wopyapyala kwa kalulu ndipo shuga wake amatsegula m'mimba. Mkaka wa m'chitini wothira shuga ndi phala n'zosayenera konse. Mkakawo ukhale wofunda ngati thupi, ndipo mumwetse ndi sirinji yaing'ono yopanda singano, dontho limodzilimodzi m'mbali mwa kamwa. Mwanayo akhale chokhala kapena chafufumimba, osati chagada, chifukwa mkaka ukalowa m'mapapo amadwala chibayo. Mwana wozizidwa mufunditseni kaye musanamumwetse.

Muyezo umene olera akalulu a msinkhu wapakati amatsata ndi uwu, kawiri pa tsiku: sabata yoyamba mamililita 2 mpaka 2.5 nthawi iliyonse, sabata yachiwiri mamililita 5 mpaka 7, sabata yachitatu mamililita 7 mpaka 13, ndipo kuchokera apo mpaka masabata 6 mamililita 13 mpaka 15. Mitundu ing'onoing'ono imamwa zochepa. Mimba ikazungulira lekani, isafike pouma gwa. Mpaka maso atatseguka, mukatha kumwetsa pukutani kumunsi kwa mimba ndi kumaliseche ndi thonje lonyika m'madzi ofunda, kuti mwanayo akodze ndi kuchita chimbudzi. Ntchito imeneyi make amaigwira ndi lilime. Kulera pamanja n'kovuta, ndipo ana ena amafa ngakhale wolerayo atayesetsa, chifukwa mkaka wa make uli ndi mafuta ena amene amapha tizilombo toyipa m'chifu cha mwana.

Masabata 3 mpaka 8: nyengo yoopsa

Apa ndi pamene mimba ikusintha kuchoka ku mkaka kupita ku udzu. Asidi wa m'chifu amakhala asanafike mphamvu ya kalulu wamkulu, tizilombo tabwino timakhala tisanakhazikike, ndipo chitetezo cha mkaka chimakhala chikuchepa. Kusintha kulikonse kwadzidzidzi kungatsegule m'mimba.

Anawo azidya zimene make akudya. Udzu wouma uzipezeka usana ndi usiku, mapeleti akhale omwewo a make, ndipo madzi akhale m'mbale yosazama kuti asamiremo. Ngati make amadya masamba aawisi tsiku ndi tsiku, ana adzalawa nawo pang'onopang'ono, ndipo zimenezo sizivuta malinga ngati masambawo ndi omwewo nthawi zonse. Choopsa ndi kubweretsa masamba achilendo, zipatso kapena madeya ambiri pa msinkhu umenewu.

Alimi oweta akalulu a nyama amawaletsa kuyamwa ali ndi masabata 4 mpaka 6. Kalulu wodzasungidwa pakhomo ndi bwino akhale ndi make mpaka masabata 8. Wogula akane kalulu wochepera pamenepo, ngakhale atakongola bwanji. Pogula funsani zimene wakhala akudya, ndipo tengani chakudya chomwecho chokwana masabata 2. Ulendo ndi khola latsopano n'zosautsa kale kwa kalulu, choncho chakudya chisasinthe pa nthawi yomweyo. Mukafuna kusintha mapeleti, sakanizani atsopano ndi akale, n'kumaonjezera atsopanowo pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 14.

Masabata 8 mpaka miyezi 6: udzu patsogolo

Chakudya chachikulu cha kalulu ndi udzu. Tsiku lililonse apeze mulu wa udzu wouma waukulu ngati thupi lake, kapena woposa. Udzu wa Rhodes ndi kapinga ndi wabwino. Nsenjere yanthete amadya, koma yokhwima amangobudula masamba. Mfutso wabwino umakhala wobiriwirako, wonunkhira, wopanda fumbi ndi nkhungu. Ikani udzuwo pamalo okwera pang'ono kuti asaupondeponde ndi kuukodzera, ndipo wonyowa muzitaya.

Kalulu amene akukula amafunanso mapuloteni ndi kashiamu womanga mafupa. Izi zimapezeka mu mfutso wa mbewu za gulu la nyemba. M'maiko ambiri amagwiritsa ntchito lucerne, imene ena amati alfalfa. Kuno masamba ndi mitengo ya mtedza yotsala pokolola, ikaumitsidwa bwino pamthunzi, imagwira ntchito yofanana. Isakanizeni ndi udzu wamba kuyambira pachiyambi, chifukwa kalulu wozolowera mfutso wokoma wokhawokha amadzakana udzu akakula.

Nthawi yabwino yosunga mfutso ndi kumapeto kwa mvula, mu April ndi May, udzu usanasanduke mapesi. Mwetani udzu usanabereke njere, uyanikeni mukuutembenuza, ndipo musunge pamalo ouma, pokwera, podutsa mphepo. Wosasunga mfutso amavutika mu September ndi October, pamene zobiriwira zasowa ndipo tchire lapsa.

Mapeleti ndi chakudya choonjezera. Sankhani opangidwira akalulu, ofanana onse maonekedwe, okhala ndi mapuloteni pafupifupi magawo 16 pa 100 ndiponso ulusi magawo 18 kapena kuposa. Zosakaniza za mitundumitundu zokhala ndi chimanga, njere ndi zipatso zouma n'zosayenera, popeza kalulu amatola zotsekemera n'kusiya zaulusi. Kalulu wamng'ono angapatsidwe mapeleti mowolowa manja, m'mawa ndi madzulo. Mukaona kuti akukhuta mapeleti n'kumasiya udzu, achepetseni.

Masamba aawisi

Kalulu amene adakulira pa mapeleti ndi udzu wouma ayambe masamba ali ndi masabata 12. Yambani ndi mtundu umodzi, kachidutswa kakang'ono, ndipo muone ndowe zake tsiku lotsatira. Zikakhala zouma ndi zozungulira, onjezerani pang'ono kwa masiku 3 musanayambe mtundu wina. Zikafewa, siyani masambawo mubwerere ku udzu wouma.

Masamba opezeka mosavuta amene akalulu amadya ndi chisoso, kholowa, khovani, mwamunaaligone, masamba a mabulosi, masamba a karoti ndi a nthochi. Kabichi, repu ndi mpiru zimatha kudzaza mpweya m'mimba zikachuluka, choncho zikhale gawo laling'ono. Bonongwe naye asakhale wa tsiku ndi tsiku. Kusakaniza mitundu ingapo imene kalulu waizolowera n'kwabwino kuposa mulu wa mtundu umodzi.

M'nyengo yamvula masamba amakhala anthete ndi odzala madzi. Ayanikeni pamthunzi maola ochepa kuti afote, koma musawaunjike m'thumba lapulasitiki, chifukwa amatentha n'kuyamba kusasa. Udzu wometedwa ndi makina otchetchera kapinga nawo umasasa msanga, ndipo ndi woopsa. Musathyole m'mbali mwa misewu ikuluikulu, m'ngalande, m'dimba lopoperedwa mankhwala, kapena pamene agalu amachita chimbudzi, pakuti mazira a nyongolotsi za agalu amakaswera m'thupi la kalulu. Masamba ogula pamsika atsukidwe ndi kuumitsidwa kaye.

Karoti ndi zipatso monga nthochi, papaya ndi mango zili ndi shuga wambiri. Kalulu wosakwana miyezi 6 sazifuna. Wamkulu angalawe kachidutswa kosaposa chala chachikulu, mwa apo ndi apo.

Madeya ndi chakudya cha nkhuku

Kumene mapeleti ndi osowa kapena okwera mtengo, ambiri amadalira madeya. Madeya amapereka mphamvu, koma ali ndi sitachi wambiri ndipo saperesa mano. Kwa kalulu wamng'ono akhale ochepa ndithu, operekedwa atadya kale udzu, ndipo mapuloteni achokere ku mfutso wa mtedza ndi masamba. Madeya achinyezi, omatana kapena onunkha chuku atayidwe. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo akalulu ali m'gulu la ziweto zimene poizoniyu amazipweteka msanga.

Chakudya cha nkhuku sichoyenera akalulu. Ulusi wake ndi wochepa kwambiri, ndipo china chimakhala ndi mankhwala oteteza nkhuku ku matenda a m'matumbo, monga narasin ndi maduramicin, amene kwa kalulu ndi poizoni.

Zosayenera kufika pakamwa pa kalulu

Mapeyala, zipatso ndi masamba omwe, ndi poizoni kwa kalulu. Chimodzimodzi masamba a tomato, masamba a mbatatesi ndi mbatatesi yobiriwira kapena yophuka, anyezi, adyo, nsatsi, fodya ndi chokoleti. Mwa maluwa a pakhomo, oleander ndi lantana ndi oopsa, ndipo kalulu woyendayenda pabwalo asafike pamene pali maluwa amene simukuwadziwa. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni wa cyanide, ndipo lukina ali ndi mimosine, amene akachuluka amasosola ubweya ndi kupinimbiritsa. Zonse ziwirizi zisaperekedwe kwa kalulu wamng'ono.

Nsima, mkute, buledi, mabisiketi, mpunga, nyemba zouma ndi chimanga cha maso n'zakudya za anthu. Kalulu amazilandira mokondwa, koma zimasokoneza tizilombo ta m'matumbo mwake. Ana a pakhomo, amene kawirikawiri ndiwo amadyetsa kalulu, auzidwe zimenezi momveka.

Madzi ndi kutentha

Chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi n'cholakwika ndipo chapha akalulu ambiri. Kalulu amamwa mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo wodya zouma amamwa kwambiri kuposa wodya masamba aawisi. Akasowa madzi amalekanso kudya. Mbale yolemera yadothi, yosagubuduzika, ndi yabwino, ndipo itsukidwe tsiku lililonse.

Kalulu satuluka thukuta monga munthu, amachotsa kutentha makamaka kudzera m'makutu. Kukatentha kupitirira madigiri 30 amachepetsa kudya, ndipo angathe kufa. Mu October ndi November khola likhale pamthunzi, podutsa mphepo, lisakhale pansi pa malata opanda chotchinga. Chakudya chachikulu chiperekedwe madzulo ndi m'mamawa, imene ili nthawi yomwe kalulu amakonda kudya mwachibadwa.

Zizindikiro zofuna dokotala

Ndowe ndizo zimanena za umoyo wa kalulu tsiku ndi tsiku. Zabwino zimakhala zambiri, zozungulira, zofanana kukula, ndipo ukaziphwanya muli tiudzu. Zikayamba kuchepa, kukhala ting'onoting'ono kapena zolumikizana ndi ubweya, ulusi kapena madzi zikupelewera. Ndowe zofewa zija zikamatsala m'khola kapena kumatirira kumbuyo, kawirikawiri ndiye kuti mapeleti kapena zotsekemera zachuluka. Muzimuyezanso pa sikelo ya kukhitchini kamodzi pa sabata. Kalulu wamng'ono amene sakuonjezera thupi ali ndi vuto.

Kalulu amene watha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi akufunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Chimodzimodzi wotsegula m'mimba zamadzi, zamagazi kapena zolenda, wotupa mimba, wokukuta mano atakhala chonyonyomala pakona, kapena wotuluka dovu. Kalulu wamng'ono wotsegula m'mimba amatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Podikira thandizo mufunditseni, musiyireni udzu ndi madzi, ndipo chotsani zina zonse.

Matenda amodzi ofala pa msinkhu umenewu ndi coccidiosis, oyambitsidwa ndi tizilombo ta Eimeria timene timafala kudzera m'ndowe zimene zadetsa chakudya ndi madzi. Khola louma, losesedwa tsiku ndi tsiku, ndi ziwiya zotsuka zimachepetsa matendawa.

Musapatse kalulu mankhwala a anthu. Amoxicillin, ampicillin, clindamycin ndi lincomycin, akaperekedwa pakamwa, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo kaluluyo angafe nawo. Mankhwala alionse alembedwe ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto.

Akamakhwima

Akalulu amayamba kuswana ali ndi miyezi 4 mpaka 6, mitundu ing'onoing'ono msangako, choncho amuna ndi akazi asiyanitsidwe akamakwana miyezi 3. Kalulu wotenga bere asanakhwime amagawana ndi ana ake chakudya chimene chikanamanga thupi lake.

Kuyambira miyezi 6 kapena 7, kukula kumachepa ndipo chakudya chiyenera kusintha pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Mfutso wa lucerne kapena wa mtedza uchepe, chifukwa kalulu amatulutsa kashiamu wotsala kudzera mu mkodzo, ndipo akachuluka amapanga matope kapena miyala m'chikhodzodzo. Mapeleti atsike kufika pafupifupi magalamu 25 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Masamba afike dzanja limodzi lodzaza m'mawa ndi lina madzulo. Mitundu ikuluikulu monga Flemish Giant imakula kwa nthawi yaitali, choncho kusinthaku kungachedweko. Poyesa ngati muyezo uli bwino, sisitani m'nthiti: ziyenera kumveka pansi pa mnofu wochepa, osati kuonekera ndiponso osati kubisika m'mafuta. Udzu ndi madzi zokha ndi zimene siziyezedwa, ndipo zizipezeka m'khola nthawi zonse pa msinkhu uliwonse.